Ndalama zophunzitsira antchito za chitetezo zisamakhale zoyamba kudulidwa

Chuma chikavuta pa kampani, akuluakulu amatenga bajeti n'kuyamba kufufuza poti adule, ndipo kawirikawiri diso lawo limagwera pa ndalama zophunzitsira ogwira ntchito za umoyo ndi chitetezo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Magetsi akapanda kulipiridwa makina amaima tsiku lomwelo, malipiro akachedwa antchito amadandaula mwezi womwewo, koma maphunziro akaimitsidwa palibe chimene chimaoneka kuti chasintha, mwina kwa miyezi ingapo, mwinanso kwa zaka. Ngoziyo ikadzachitika, amene anadula ndalamazo amakhala atakwezedwa pa udindo kapena atasamukira kampani ina, ndipo palibe amene amakumbukira kuti chiyambi chake chinali pa tebulo la bajeti. Ine ndikuti ndalama zimenezi si za bwana kuti azichita nazo mmene wafunira, chifukwa ndi gawo la mtengo wa ntchito imene iye mwini anasankha kuti ichitike, ndipo lamulo linamuikira kale udindo wozilipira.

Olemba ntchito ambiri amakamba za maphunzirowa ngati chifundo chimene amachitira antchito awo, choncho ndi bwino tione kaye zimene zinalembedwa. Mu 1981 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 155, lonena za chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Ndime 19 ya panganoli imati ogwira ntchito ndi owaimira ayenera kupatsidwa maphunziro oyenera pa nkhaniyi, ndipo ndime 21 imanena kuti njira zotetezera antchito zisamachititse wantchito kutulutsa ndalama m'thumba mwake. Mu June 2022 msonkhano waukulu wa bungweli unaika malo ogwirira ntchito otetezeka pa mndandanda wa maufulu akuluakulu a pa ntchito, pamodzi ndi ufulu wolowa m'mabungwe a antchito, kuthetsa ntchito yokakamiza, kuthetsa kugwiritsa ana ntchito ndi kuthetsa tsankho. Kuyambira pamenepo mayiko onse 187 amene ali m'bungweli, ngakhale amene sanasainire panganolo, ali ndi udindo wolemekeza ndi kulimbikitsa mfundo zake.

Zoonadi, mapangano a pakati pa mayiko amamanga maboma, ndipo chimene chimamanga bwana ndi lamulo la dziko limene akugwiramo ntchito. Koma malamulo a mayiko ambiri amanena zofanana. Lamulo la ku Britain la 1974 limalamula wolemba ntchito kupereka uthenga, malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro wokwanira kuti antchito akhale otetezeka, ndipo limamuletsa kuwalipiritsa. Lamulo la ku South Africa la 1993 lili ndi mfundo yomweyo. Lamulo la mayiko a European Union la 1989 ndi limene linalongosola bwino koposa, chifukwa linatchula nthawi zenizeni zimene munthu ayenera kuphunzitsidwa: pamene walembedwa ntchito, pamene wasamutsidwa kapena kusinthidwa ntchito, pamene kwabwera makina atsopano kapena akale asinthidwa, ndi pamene kwabwera luso latsopano logwirira ntchito. Linawonjezera kuti maphunzirowo azisinthidwa zoopsa zikasintha, azibwerezedwa pakafunika, ndipo azichitika pa nthawi ya ntchito. Munthu akawerenga mfundo zimenezi mofatsa amaona kuti lamulo silikunena za msonkhano umodzi pa chaka, likunena za ntchito yosatha imene imayenda limodzi ndi kusintha kulikonse kwa pa kampani.

Pali mawu ena m'malamulo ambiri otere amene abwana amakonda kubisalamo, onena kuti wolemba ntchito achite zimene zingatheke ndipo n'zoyenera. Ena amawamva ngati kuti akunena kuti achite zimene thumba lake lalola. Makhoti sanawamasulire choncho. Pa mlandu wa Edwards ndi National Coal Board wa mu 1949, wokhudza munthu amene anafa mu mgodi wa malasha, khoti la apilo ku Britain linagamula kuti choopsa chiyenera kuikidwa pa sikelo mbali imodzi, ndipo ndalama, nthawi ndi khama zochichotsera ziikidwe mbali inayo, ndipo bwana angakhululukidwe pokhapokha ngati mtengowo ukuposa choopsacho kutalitali. Funso si lakuti kampani ili ndi ndalama zingati chaka chino. Komanso pansi pa lamulo la 1974 lija, mlandu ukafika kukhoti, woimbidwa mlandu ndiye ayenera kusonyeza kuti sikukanatheka kuchita zoposa zimene anachita. N'kovuta kwambiri kuima pamaso pa woweruza n'kunena kuti maola ochepa ophunzitsira munthu kuzimitsa makina asanalowetsemo dzanja anali okwera mtengo kuposa dzanjalo.

Ngati udindo uli wotere, ndiye kuti njira imene makampani ambiri amakonzera bajeti ya maphunziro ndi yozondoka. Amatenga nambala ya chaka chatha, n'kuwonjezerapo pang'ono kapena kuchotsapo, kenaka n'kuuza woyang'anira za chitetezo kuti aone chimene angachite ndi ndalamazo. Poyambira poyenera ndi kafukufuku wa zoopsa za pa malo a ntchito, amene malamulo ambiri amalamula kale kuti achitike. Kafukufukuyo amasonyeza kuti ndani amakwera pamwamba, ndani amagwira mankhwala oopsa, ndani amalowa m'matanki ndi m'maenje mopanda mpweya wokwanira, ndani amayendetsa makina onyamula katundu, ndani amagwira za magetsi, ndipo pa aliyense wa iwo pamatuluka luso limene ayenera kukhala nalo ndi nthawi imene liyenera kutsitsimutsidwa. Powonjezerapo chiwerengero cha anthu atsopano amene akuyembekezeka kulembedwa, makina amene adzagulidwe ndi anthu ophunzira chithandizo choyamba ndi kuzimitsa moto amene ayenera kupezeka pa shifiti iliyonse, nambala yoona imadzitulukira yokha. Nambala imeneyo ikakhala yaikulu, sichisonyezo chakuti woyang'anira za chitetezo ndi wowononga, koma kuti ntchito ya kampaniyo ndi yoopsa.

Pamenepa pali chinthu chimene owerengera chuma amachiiwala kawirikawiri, ndipo ndi chimene chimapha maphunziro ambiri ngakhale pamene ndalama zilipo. Gawo lalikulu la mtengo wa maphunziro nthawi zambiri si malipiro a mphunzitsi kapena mapepala, koma nthawi ya wantchito. Munthu amene ali m'kalasi sali pa makina, ndipo wina ayenera kumugwirira, apo ayi katundu wa tsikulo achepa. Bajeti imene yalemba malipiro a mphunzitsi koma sinalembe maola a antchito imasiya kapitawo pa mpanipani, chifukwa iye amafunsidwa za kuchuluka kwa katundu amene watuluka, ndipo tsiku la maphunziro likafika amanena kuti anthu ake sangachoke. Zotsatira zake timazidziwa: maphunziro a tsiku lonse amapanikizidwa kukhala a theka la ola, kapena antchito amauzidwa kuti abwere pa tsiku lawo lopuma popanda malipiro, zimene zili chimodzimodzi ndi kuwalipiritsa, ngakhale kuti palibe lisiti limene lalembedwa.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza awerenge zimene zinachitika pa fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City, m'dziko la United States, pa 23 March 2005. Poyambitsanso gawo lina la fakitaleyo, nsanja yosefera mafuta inadzazidwa kupitirira muyeso, mafuta anasefukira kunja kudzera pa chumuni chotulutsira mpweya, ndipo nthunzi yake inagwira moto n'kuphulika. Anthu 15 anafa ndipo 180 anavulala. Bungwe la boma lofufuza ngozi za mankhwala la CSB, mu lipoti lake la 2007, silinalekere pa kuloza chala antchito amene anali pa shifiti. Linatsata nkhaniyo mpaka ku bajeti. Linapeza kuti kampaniyo inalamula kuti ndalama zoyendetsera ntchito zidulidwe ndi magawo 25 pa 100 alionse mu 1999, kuti ogwira ntchito m'dipatimenti ya maphunziro anachepetsedwa kuchoka pa 28 kufika pa 8, ndiponso kuti maphunziro ambiri anasanduka ongowerenga pa kompyuta, popanda kuyeserera zochita zinthu zikasokonekera. Linapezanso kuti ena mwa oyendetsa makinawo anali atagwira maola 12 pa tsiku kwa masiku 29 kapena kuposerapo mosapuma. Chuma chimene chinatayika chinapitirira madola 1.5 biliyoni. Pakati pa kudula kwa 1999 ndi kuphulikako panadutsa zaka pafupifupi 6, ndipo m'zaka zonsezo aliyense woona mabuku a kampaniyo akanatha kunena kuti kudulako kunapindula.

Mfundo ina ya ngozi imeneyi imandikhudza kwambiri: anthu onse 15 amene anafa anali antchito a makontirakitala, osati olembedwa ndi mwini fakitale. Masiku ano ntchito zambiri zoopsa, monga kukonza makina, kutsuka matanki, kumanga ndi kugwetsa, zimaperekedwa kwa makampani ena kapena kwa aganyu, ndipo bajeti ya maphunziro nthawi zambiri imawerenga okhawo amene ali pa mndandanda wa malipiro a mwezi ndi mwezi. Mwini malo amati kuphunzitsa ndi udindo wa kontirakitala, pamene kontirakitalayo anapata ntchitoyo chifukwa chotchula mtengo wotsika kuposa anzake, mtengo umene sunasiye kanthu ka maphunziro. Lamulo la ku European Union lija linaona kale mpata umenewu, ndipo limalamula mwini malo kuonetsetsa kuti antchito ochokera ku makampani ena alandira malangizo a zoopsa za pamalopo. Kwa ine, kampani imene imasankha kontirakitala wotchipa popanda kufunsa kuti anthu ake anaphunzitsidwa chiyani yadula bajeti ya maphunziro mwa njira ina, ndipo iyenera kuyankha mofanana ndi imene yadula poyera.

Anthu atsopano pa ntchito nawonso amagwera m'dzenje lomweli. Kafukufuku wa bungwe la Institute for Work and Health ku Toronto, m'dziko la Canada, anasonyeza kuti munthu amene ali m'mwezi wake woyamba pa ntchito ali pa chiopsezo chovulala choposa katatu poyerekeza ndi amene wakhalapo kupitirira chaka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma tisaiwale chifukwa chimene mlendo pa ntchito safunsira. Amaopa kuoneka mbuli, amaopa kuti akadali pa nthawi yoyesedwa, ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti pali choti afunse. Kampani imene imasonkhanitsa atsopano kuti idzawaphunzitse onse pamodzi pakatha miyezi itatu, pofuna kulipira mphunzitsi kamodzi, imawasiya okha pa nthawi yeniyeni imene ali pa ngozi koposa.

Tsopano ndifike pa chimene ndimachiona kuti ndi chinyengo chachikulu pa nkhani yonseyi, chimene chimachitika ngakhale m'makampani amene bajeti yawo ndi yonona. Ndikunena pepala losainira. Antchito amasonkhanitsidwa m'chipinda, wina amawawerengera malamulo kapena kuwaonetsa zithunzi, pepala limazungulira, aliyense amasaina, ndipo pepalalo limasungidwa mu fayilo. Tsiku la ngozi pepalalo limatulutsidwa monga umboni wakuti wovulalayo anauzidwa, choncho kulakwa n'kwake. Apa maphunziro asiya kuteteza wantchito, ayamba kuteteza bwana kwa wantchito. Koma cholinga cha lamulo ndi chakuti munthu athe kugwira ntchito yake popanda kuvulala, ndipo siginecha sichitsimikizira zimenezo. N'chifukwa chake bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito la OSHA ku United States linanena momveka mu 2010 kuti maphunziro ayenera kuperekedwa m'chilankhulo ndi m'mawu amene wantchito akumva, ndipo kuti kupatsa munthu wosadziwa kuwerenga mapepala oti awerenge sikukwaniritsa udindowo. Muyezo wa pa dziko lonse wa kayendetsedwe ka umoyo ndi chitetezo pa ntchito wa ISO 45001, umene unatuluka mu 2018, nawonso umafuna kuti kampani ionetsetse kuti antchito ali ndi luso ndiponso iunike ngati zimene yachita pofuna kuwapatsa lusolo zagwiradi ntchito. Kumasulira maphunziro m'zilankhulo za antchito, kuwapatsa mpata wogwira chozimitsira moto ndi manja awo, kumanga lamba wokwerera pamwamba pamaso pa wodziwa, ndi kubwereranso pakapita masabata kukaona mmene akugwirira, zonsezi zimadya ndalama zambiri kuposa kuwerenga malamulo m'chipinda, ndipo ndi zimene ziyenera kulembedwa mu bajeti.

Pali ena amene amatsutsa ndi mfundo yolemera, ndipo sindiyenera kuizemba. Amati umboni wakuti maphunziro amachepetsa ngozi ndi wofooka. Muli choonadi m'menemo. Ofufuza amene anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku ambiri anapeza kuti maphunziro amasinthadi kachitidwe ka antchito, makamaka akakhala ochita ndi manja ndi okambirana, koma umboni wakuti pa okha amachepetsa kuvulala ndi matenda sunali wamphamvu chimodzimodzi. Akatswiri a chitetezo amadziwa chifukwa chake. Njira yoposa zonse ndi kuchotseratu choopsacho, yotsatira ndi kuchisinthanitsa ndi china chosaopsa kwambiri, kenaka kuchitchinga ndi zipangizo monga zotchingira makina ndi zokoka fumbi, ndipo maphunziro ndi zovala zodzitetezera zimabwera kumapeto. Munthu wophunzitsidwa bwino amatopa, amaiwala, amafulumizitsidwa, pamene chotchingira makina sichitopa. Choncho bwana amene akufuna kugwiritsa ntchito maphunziro m'malo mokonza makina owonongeka akulakwa, ndipo akusankha njira yotchipa pofuna kuthawa yodula. Koma mfundoyi sichilolezo chodulira maphunziro. Zotchingira zimachotsedwa ndi anthu amene sanauzidwe ntchito yake, ndipo chilolezo chogwirira ntchito yoopsa chimasanduka pepala wamba m'manja mwa amene sanachiphunzire. Pa nsanja yokumbira mafuta ya Piper Alpha, pa nyanja ya North Sea, anthu 167 anafa pa 6 July 1988, ndipo kafukufuku wotsogozedwa ndi Lord Cullen anapeza kuti dongosolo la zilolezo zogwirira ntchito linalipo koma silinkatsatidwa bwino, komanso kuti maphunziro a zochita pa ngozi anali achiphamaso.

Izi zikutifikitsa pa anthu amene amaiwalidwa kwambiri pokonza bajeti, omwe ndi akapitawo ndi mamanijala. Pangano 155 limateteza wantchito amene wachoka pa malo pamene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pa ngozi yaikulu. Kuphunzitsa wantchito ufulu umenewu popanda kuphunzitsa kapitawo wake n'kumutchera msampha, chifukwa tsiku limene adzakane kukwera makwerero othyoka adzakumana ndi munthu amene akuona kukanako ngati mwano.

Kudandaula kwa makampani aang'ono ndimakumva, ndipo sindikunyoza. Mwini malo owotcherera zitsulo amene ali ndi antchito asanu alibe dipatimenti ya maphunziro, ndipo mtengo wa mphunzitsi wochokera kunja ungamulemeredi. Komabe zoopsa zake n'zowerengeka ndi zodziwika, ndipo mbali yaikulu ya zimene antchito ake ayenera kudziwa ingaphunzitsidwe pamalo pomwepo ndi munthu wodziwa, bola nthawi ipatulidwe ndipo wophunzitsayo akhale wodziwadi. Makampani aang'ono angathe kusonkherana n'kuitana mphunzitsi mmodzi, ndipo mabungwe a olemba ntchito, makampani a inshulansi ndi maboma ali ndi chifukwa chokwanira chowathandizira. Chimene sindingavomereze ndi mawu akuti palibe phindu kuphunzitsa anthu amene mawa adzachoka. Kampani imene antchito ake amasinthasintha ndi imene nthawi zonse imakhala ndi anthu ambiri a m'mwezi woyamba, kotero ikufunika maphunziro ochuluka kuposa inzake.

Bajeti zambiri zimapendekeranso mbali imodzi. Zimaika mtima pa ngozi zooneka, monga moto, kugwa ndi kudulidwa, n'kuiwala matenda. Malinga ndi chiwerengero chimene ILO inatulutsa mu 2023, anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito, ndipo mwa amenewa pafupifupi 2.6 miliyoni amafa ndi matenda, pamene ofa pa ngozi ndi pafupifupi 330,000. Fumbi la miyala limene limaumitsa mapapo, asibesitosi, utsi wa powotcherera ndi mankhwala ophera tizilombo sizipha munthu tsiku lomwelo, monganso phokoso siligonthetsa makutu tsiku limodzi, ndipo matenda ena amaonekera patapita zaka makumi angapo, munthu atasiya kale ntchito. Wantchito amaona yekha kuti mpeni wa makina ndi woopsa, koma kuti fumbi limene akupuma lero lidzamutsekereza mpweya atakalamba, ayenera kuuzidwa ndi wina. Apa ndi pamene maphunziro ali ofunika koposa, ndipo apa ndi pamenenso bwana amayesedwa kwambiri kuwanyalanyaza, popeza wodwalayo sadzaonekera m'mabuku a ngozi a kampani yake.

Ambiri amene amalimbikitsa maphunzirowa amakonda kutsamira pa phindu. Amatchula kuti ngozi ndi matenda a pa ntchito zimadya pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse a chuma cha dziko lonse lapansi pa chaka, ndiponso kafukufuku wa ISSA, bungwe la pa dziko lonse la mabungwe opereka penshoni ndi chipukuta misozi, amene, potengera mayankho a makampani mazana angapo m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti ndalama imodzi yoikidwa pa kupewa ngozi imabweza pafupifupi 2.2. Mfundoyi ndi yothandiza pokambirana ndi owerengera chuma, koma sindifuna kuti nkhaniyi iime pa phindu pokha. Pali malo a ntchito pamene masamu a bwana angasonyeze kuti kusaphunzitsa n'kotchipa, chifukwa chipukuta misozi n'chochepa, oyendera malo a ntchito sabwera, ndipo pa geti pali anthu ena ofuna ntchito. M'malo otere mtengo wa ngozi sunazimirire, wangosamutsidwira kwa wovulalayo, kwa banja limene lataya wolidyetsa ndi kwa zipatala za boma. Udindo wa lamulo unaikidwa ndendende chifukwa cha malo ngati amenewa, kuti bwana asamasankhe yekha nthawi imene moyo wa wantchito uli woyenera kuwonongerapo ndalama.

Chimene ndikupempha n'chotheka pa kampani iliyonse imene imalemba bajeti. Ndalama za maphunziro a chitetezo zikhale ndi mzere wakewake, wosiyana ndi wa maphunziro ena monga a utsogoleri kapena a kagulitsidwe ka malonda, kuti zisamadulidwe pamodzi nawo mosazindikira. Mzerewo uonetse maola a antchito, aganyu ndi a makontirakitala omwe, ndipo uperekedwe kwa komiti ya chitetezo imene muli oimira antchito usanavomerezedwe. Ngati akuluakulu aona kuti mzerewo uyenera kuchepetsedwa, amene wagamula alembe dzina lake, atchule maphunziro amene achotsedwa, choopsa chimene ankalimbana nacho ndi njira imene yaikidwa m'malo mwake. Oyendera malo a ntchito nawonso asamakhutire ndi fayilo ya masiginecha: apite pa makina, aitane wantchito amene wangolembedwa kumene, n'kumupempha kuti awaonetse mmene amazimitsira makinawo chinthu chikakodwa m'kati.